Mpando wa chaka chimodzi

Ndili mnyamata, pa sukulu ya mishoni pomwe ndidaphunzira, tidali ndi kabungwe ka Chilatini. Tinkakumana Lachitatu masana, anthu osapitirira khumi ndi asanu, n'kumalimbana ndi nkhondo za Julius Caesar mzere ndi mzere. Wapampando wathu adali mnyamata wanzeru zoopsa, ndipo poti adali wanzeru tidamusankha zaka zitatu zotsatizana. Kope la maina linali kwa iye, tindalama ta zopereka kwa iye, kiyi wa kabati ya mabuku m'thumba mwake. Tsiku lomwe adamaliza mayeso n'kukwera basi, kabungwe kathu kadakwera naye basi yomweyo. Palibe adatsala wodziwa ngakhale kuitanitsa msonkhano.

Chimenechi chandichititsa kuti ndifufuze mbiri ya bungwe lina la ophunzira a Chilatini ndi Chigiriki ku Amereka, lotchedwa Eta Sigma Phi, lomwe lakhala zaka zoposa 100 chikhalirecho atsogoleri ake sakhalitsa pampando.

Chiyambi chake chidali chaching'ono ngati chathu chija. M'chaka cha 1914 ophunzira angapo a pa University of Chicago adayambitsa kagulu kawo n'kukatcha Phi Sigma. Patapita zaka khumi, mu 1924, adagwirizana ndi anzawo a pa Northwestern University, omwe adali ndi kagulu kofanana, ndipo apa mpomwe padabadwira Eta Sigma Phi ngati bungwe la dziko lonse. Nthambi zake amazitchula ndi malemba a Chigiriki potsata m'mene zidalowera: ya ku Chicago ndi Alpha, ya ku Northwestern ndi Beta, ya ku Ohio University ndi Gamma, choncho mpaka malembawo adatha n'kuyamba kuwaphatikiza awiriawiri. Kulowamo sikungofuna ayi. Munthu amaitanidwa akakhoza bwino Chilatini kapena Chigiriki m'kalasi, n'chifukwa chake amalitcha bungwe la ulemu.

Ntchito zake n'zooneka ndi maso. Chaka ndi chaka amachita msonkhano waukulu, ndipo nthambi imodzi ndiyo imalandira alendo. Kumeneko ophunzira amawerenga zomwe afufuza, amapikisana pa mafunso a mbiri ndi nthano zakale pa mpikisano wotchedwa certamen, ndipo nthambi iliyonse imaimirira kufotokoza zomwe yachita m'chakacho. Ali ndi nyuzi yawo, Nuntius, kutanthauza mthenga. Amapereka mamendulo kwa ana a sekondale okhoza Chilatini. Amatumizanso ena mwa mamembala kukaphunzira miyezi ya tchuthi ku American School of Classical Studies ku Athens, ku American Academy ku Rome, ndi ku maulendo a Vergilian Society m'dera la Naples, kuti akaone ndi maso miyala yomwe amangoiwerenga m'mabuku.

Pali mpikisano wina wa kumasulira, womwe umadziwika ndi dzina la Maurine Dallas Watkins. Mayi ameneyu nkhani yake njodabwitsa. Mu 1924, chaka chomwecho bungweli likubadwa, iye adali mtolankhani wa Chicago Tribune, kulemba za milandu ya amayi oganiziridwa kupha zibwenzi zawo. Kuchokera pa milanduyo adalemba sewero lotchedwa Chicago mu 1926, lomwe pambuyo pake lidasanduka sewero la nyimbo ndi filimu yotchuka. Atamwalira mu 1969, gawo la chuma chake lidapita kothandiza maphunziro a Chigiriki ndi Chilatini. Ndiye kuti ndalama za nkhani za m'khoti zikulipira mphoto ya mwana womasulira Chigiriki. Za dziko lapansi!

Koma chomwe chidandigwira mtima ine ndi maudindo. Mtsogoleri wa bungwe lonse si pulofesa, ndi wophunzira, ndipo amamutcha Megas Prytanis. Wachiwiri wake ndi Megas Hyparchos, mlembi ndi Megas Grammateus, msungichuma ndi Megas Chrysophylax, kunena kuti mlonda wa golide. Onsewa amasankhidwa pa msonkhano wa pachaka uja, ndipo chaka chikatha chisankho chimachitikanso. Nanga si wophunzira sakhalitsa pa koleji? Zaka zinayi zikakwana amanyamula katundu. Choncho aliyense wokhala pampando amadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti ntchito yake ina ndi kukonzekeretsa womulowa m'malo.

Wina afunsa kuti, kodi bungwe losintha mitu chaka chilichonse silisokonekera? Yankho lili pa kagawidwe ka ntchito. Pambali pa ophunzira pali aphunzitsi ochepa, matrasti, ndiponso mlembi wamkulu yemwe amasunga mabuku, kaundula ndi ndalama za bungwe. Ameneyu ndiye amakhalitsa. Brent Froberg adagwira udindowu kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mpaka m'ma 1990. Pambuyo pake padabwera C. Wayne Tucker wa ku Hampden-Sydney College, kenaka Thomas Sienkewicz wa ku Monmouth College, kenaka David Sick wa ku Rhodes College. Wokhalitsa amasunga zolembedwa, koma mpando wa msonkhano ndi wa ana. Ife kwathu kuja tidaika kope, ndalama ndi mpando m'manja amodzi, tidaiwala kuti mutu umodzi susenza denga.

Dzina lakuti prytanis silidangotoledwa m'njira. Ku Athens wakale, kuchokera pa kusintha komwe adachita Cleisthenes cha m'ma 508 Yesu asanabadwe, mzinda udagawidwa m'mafuko khumi, ndipo fuko lililonse linkatumiza amuna 50 ku khonsolo ya anthu 500. Fuko lililonse linkayendetsa khonsoloyo gawo limodzi mwa magawo khumi a chaka, masiku 35 kapena 36, ndipo amuna 50 a fuko lomwe lili pantchito ndiwo ankatchedwa prytaneis. Pakati pawo ankachita maere tsiku ndi tsiku kupeza wapampando. Ameneyo ankasunga makiyi a akachisi momwe munali chuma cha mzinda, pamodzi ndi chidindo cha boma, usiku umodzi ndi usana umodzi basi, ndipo sankaloledwa kubwerezanso. Ku Rome nako, atathamangitsa mfumu yawo yomaliza cha m'ma 509, adaika atsogoleri awiri a chaka chimodzi, aliyense ndi mphamvu yoletsa mnzake.

Apa mpomwe nkhaniyi imatikhudza ife a kuno. Dr Hastings Kamuzu Banda adaphunzira pa University of Chicago pomwepo, ndipo adalandira digiri yake mu 1931, bungwe lija litangokwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Ali kumeneko adathandiza Mark Hanna Watkins, Watkins winatu uyu, kulemba galamala ya Chichewa yomwe idatuluka mu 1937. Chikondi chake pa Chilatini ndi Chigiriki tonse tikuchidziwa. Mu 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, komwe zilankhulo ziwirizi zidali zokakamiza, ndipo mu 1982 Caroline Alexander adafika ku Zomba kudzayambitsa dipatimenti ya maphunzirowa pa Chancellor College. Pa zimenezi sindimunyoza, ambiri adapindula.

Komatu mabuku omwewo amene ankawakonda ali ndi masamba awiri. Pali Cincinnatus, yemwe Aroma amati adamutenga kumunda mu 458 kuti apulumutse mzinda, ndipo atagonjetsa adani adatula udindo pasanathe masabata atatu n'kubwerera ku khasu lake. Palinso Julius Caesar, yemwe kumayambiriro kwa chaka cha 44 adalandira ulamuliro wa moyo wake wonse, ndipo pa 15 Malichi chaka chomwecho anzake adamubaya. Ife mu 1971 tidatsegula tsamba lachiwirilo, n'kuyamba kuimba za pulezidenti wamuyaya. Zidatengera riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 kuti mpando usinthe mwini, ndipo mwamwayi udasintha popanda mpeni. Sipadapite zaka khumi, mu 2002, nkhani yochotsa malire a zaka za utsogoleri idafikanso ku Nyumba ya Malamulo, ngakhale idagwa. Mpando ngokoma, abale, ndipo akulu adanena kale kuti ukakhala pamsana pa njovu usamati kulibe mame.

Sindikunena kuti kabungwe ka ana a sukulu n'chimodzimodzi ndi boma. Megas Prytanis alibe asilikali, alibe ndende, ndipo kusiya mpando wopanda malipiro n'kosavuta. Koma chizolowezi chimayambira pa zazing'ono. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 21 yemwe waimirira pamaso pa anzake n'kupereka mabuku kwa wina, waphunzira chinthu chomwe akuluakulu ambiri a m'makomiti athu, ku mpingo, ku mpira, ku chitukuko cha m'mudzi, amafa asanachiphunzire.

Mnzathu uja ndidakumana naye patapita zaka zambiri pa maliro ena. Tidaseka za Caesar ndi za bambo mphunzitsi athu, kenaka iye adati kiyi wa kabati uja adamupeza m'sutikesi atafika kumudzi, ndipo adachita manyazi kumubweza. Ndidamuuza kuti mlandu sudali wake yekha. Tidakweza manja katatu konse ndife, chifukwa kumusankhanso kudali kophweka kusiyana ndi kuphunzira ntchitoyo tokha.