Mbiri ya Yallourn, Mudzi Umene Unamezedwa ndi Mgodi Wace Womwe

Pa masamba a mbiri m'lipoti lino tikamba za mudzi wa ku dziko lakutali wochedwa Yallourn. Mudziwo unamangidwa cifukwa ca malasha, unakula ndi malasha, ndipo potsiriza unapasulidwa cifukwa ca malasha omwewo. Nkhani yace iyenera kumveka kwa munthu ali yense amene agona m'nyumba ya mwini nchito, pakuti ionetsa poyera kusiyana kwa kukhala bwino ndi kukhala pako.

Yallourn unali m'cigwa ca mtsinje wa Latrobe, m'cigawo ca Victoria ku Australia, mtunda wa mailosi pafupi 90 kum'mawa kwa mzinda wa Melbourne. Eni dziko oyamba anali a mtundu wa Gunaikurnai, amene analandidwa malowo pofika Azungu, ndipo anena kuti dzina la mudziwo linalukidwa ndi mau awiri a anthu akudawo, lina lonena moto, lina lonena maonekedwe ofiirira. Pansi pa cigwaco pagona malasha ambirimbiri, osati akuda ndi olimba, koma ofiirira ndi ofewa, ndipo magawo awiri mwa atatu a kulemera kwace ndi madzi okhaokha. Cifukwa ca cinyezi cimeneci anthu anayamba awapeputsa, ndipo Victoria inadalira malasha akuda ocokera ku New South Wales. Koma anchito a ku migodi ya kumeneko akanyanyala nchito, mafakitale a ku Melbourne anali kuima. Bvuto limeneli ndilo linakakamiza Boma kuyang'ana cuma ca pansi pa mapazi ace.

Tsono Boma linakhazika bungwe la magetsi lochedwa State Electricity Commission, ndipo mu 1921 Sir John Monash anakhala wapampando wace. Iyeyu anali injiniya, ndiponso ndiye anatsogolera asilikali a Australia ku France mu 1918. Cinthu cozizwitsa ndi ici, kuti nzeru yogwiritsa nchito malasha onyowa anaitenga kwa a Jeremani, amene anamenyana nao pa nkhondo, popeza iwo ndiwo anazolowera malasha a mtundu umenewu. Malashawo sanali kutali pansi, kotero kuti sikunafunika kuboola mapanga. Anchito anangofukula dothi la pamwamba nasiya cidzenje cacikuru capoyera, poyamba ndi mafosholo ndi akavalo, pambuyo pace ndi makina akuru okhala ndi ndowa zacitsulo zozungulira. Malashawo anawatentha pansi pa mabaila, nthunzi ya madzi inazunguza makina, ndipo mu 1924 magetsi oyamba a ku Yallourn anayenda pa mawaya kufika ku Melbourne. Pambali pace anamanga fakitale youmitsa malasha ndi kuwaumba timanjerwa takuda, timene anthu anali kusonkhera moto m'nyumba ndi m'mafakitale.

Anchito ocuruka cotero anafunika pogona, ndipo bungwelo linatsimikiza kuti silidzalola misasa ya malata yonga ya pa migodi yina. Mmisiri wolemba mapulani, A. R. La Gerche, anakonza mudzi wotsata citsanzo ca midzi ya maluwa ya ku England. Pakati panali bwalo, ndipo miseu inacokera pamenepo, yobzalidwa mitengo mbali zonse ziwiri. Nyumba iri yonse inali ndi malo a dimba, madzi a m'mipope ndi magetsi. Munali masukulu, cipatala, hotela, nyumba zopemphereramo, nyumba ya kanema ndi mabwalo a masewera. Itatha nkhondo yaciwiri kunafika anthu ambiri ocokera ku maiko a ku Ulaya kudzafuna nchito m'cigwamo, ndipo pa nthawi ya ulemerero wace mudziwo unali ndi anthu pafupi 5,000. Alendo ocokera kutali anali kubwera kudzaona m'mene wanchito wamba angakhalire mwaulemu.

Koma pansi pa kukongola konseku panali cinthu cimodzi cosoweka. Nthaka ndi nyumba zonse zinali za bungwe la magetsi, ndipo palibe wanchito amene analoledwa kugula nyumba imene anakhalamo. Onse anali a lendi, ndipo nyumba inadza ndi nchito. Ngakhale sitolo yaikuru ya pamudzipo inayendetsedwa ndi bungwe lomwelo kwa zaka zambiri. Kunalibe khonsolo yosankhidwa ndi anthu, kotero kuti mwini nchito ndiye analinso mwini nyumba, mwini sitolo ndi mfumu ya mudzi. Kuonjezera apo, pfumbi la malasha linali kugwa usana ndi usiku, ndipo amai akayanika zobvala zoyera anali kuzianula zitada.

Masoka awiri anagwedeza mudziwo. Mu 1934 mtsinje wa Latrobe unasefukira nudzaza cidzenje ca mgodi, ndipo pa miyezi imene anali kupopa madziwo magetsi anadalira mgodi wakale wa tsidya lina la mtsinje. Mu February 1944 moto wa m'thengo unalowa mu mgodi, malasha nayaka masiku ambiri. Boma linatuma woweruza milandu, Leonard Stretton, kukafufuza za motowo, ndipo iye sanaleke pa moto pokha. Analemba kuti anthu a ku Yallourn anapatsidwa zokoma zonse, koma anamanidwa ufulu, mpweya wabwino ndi kudziimira paokha. Zitatha izi kunakhazikidwa komiti ya mudzi, koma mphamvu yace inali ya kulangiza cabe. Mau otsiriza anakhalabe ndi bungwe la magetsi.

Akuru anati cakudza siciimba ng'oma. M'zaka za m'ma 1960 bungwelo linalengeza kuti pansi pa mudzi pali malasha abwino amene afunika, ndi kuti mudzi uyenera kucoka. Anthu anasonkhana, anadandaula, ndipo mabungwe a anchito anayesa kuletsa nchito yogwetsayo, koma analibe cogwira m'manja, popeza ngakhale mmodzi wa iwo analibe kalata ya malo. M'zaka za m'ma 1970 mudziwo unayamba kuphwasulidwa. Nyumba za matabwa zinanyamulidwa zathunthu pa malole kunka ku Moe, Newborough, Morwell, Traralgon ndi midzi yina, ndipo za njerwa zinagwetsedwa. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 Yallourn unali utatha, ndipo makina okumba anadya malo pamene panali bwalo, masukulu ndi minda ya maluwa. Mudzi umene unamangidwa ndi nzeru zotere unakhala zaka ngati 60 zokha, zosafika ngakhale moyo wa nkhalamba imodzi.

Nchito ya magetsi yokha inapitirira. Cinyumba catsopano ca magetsi, Yallourn W, cinamangidwa ndi makina anai amene anayamba kugwira nchito pakati pa 1973 ndi 1982, ndipo zinyumba zakale zinatsekedwa, cotsiriza mu 1989, nizigwetsedwa pambuyo pace. Mu 1996 Boma la Victoria linagulitsa cinyumbaco ndi mgodi wace kwa amalonda, ndipo pa kusintha kwa zaka zimenezo anthu zikwizikwi a m'cigwamo anataya nchito. Ambiri a anchito akale anadwalanso nthenda za m'mapapo cifukwa ca asibesitosi amene anakutira mipope ya nthunzi. Popeza malasha ofiirira atulutsa utsi wambiri wotenthetsa dziko, nyengo yace iri kutha. Cinyumba ca Hazelwood, ca m'cigwa comweco, cinatsekedwa mu 2017, ndipo mu 2021 eni ace a Yallourn W, a EnergyAustralia, analengeza kuti adzatseka mu 2028.

Nanga catsala nciani? Nyumba ya maofesi a cinyumba cakale ca magetsi inasungidwa, ndipo inalembedwa pa mndandanda wa zinthu zakale zotetezedwa m'Victoria. Ku Yallourn North, mudzi wa tsidya lija umene kale unachedwa Brown Coal Mine, kuli nyumba yosungiramo zakale, m'mene muli zithunzi ndi zipangizo za anchito. Nyumba zimene zinasamutsidwa ziripo m'midzi yoyandikana, ndipo anthu agonamo. Koposa zonse, iwo amene anabadwira ku Yallourn asonkhanabe nthawi ndi nthawi, naonetsana zithunzi, nachula maina a miseu imene kulibe, kuti adzukuru ao adziwe kumene makolo anacokera. Munthu wa ku Yallourn sangathe kuloza ndi cala kuti ndinabadwira apa, pakuti pamenepo pali dzenje.

Tsono, abale, tisaweruze mopepuka. Bungwe lija linapatsa anchito ace nyumba zabwino zimene ambiri pa nthawiyo sanazilote, ndipo magetsi a ku Yallourn anaunikira Victoria kwa mibadwo itatu. Koma zabwino zonsezo zinali zobwereka, ndipo tsiku limene malasha a pansi anaposa mtengo wa nyumba za pamwamba, mwini anatenga cace. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Cimene anthu a ku Yallourn anapulumutsa ndi cimene anacigwira okha, ndico ubale wao, zithunzi zao ndi mbiri imene analemba. Cifukwa cace mudzi uli wonse wodalira nchito imodzi ucita bwino kufunsa msanga kuti nthaka nja yani, ndi kulemba mbiri yace akuru akali ndi moyo.