Momwe akatswiri adalondolera njira za minyewa muubongo wa khoswe

Khoswe akamva njala amasaka chakudya, ndipo akanunkhiza mphaka amauma thupi kapena kuliyatsa liwiro. Kuti zimenezi zichitike, zigawo ziwiri za ubongo wake zimatumizirana uthenga. Choyamba ndi hypothalamus, kachigawo ka kunsi kwa ubongo kamene kamayang'anira njala, ludzu, tulo ndi kutentha kwa thupi. Chachiwiri ndi midbrain, chomwe chili kumbuyo kwake ndipo chimakhudzidwa ndi kayendedwe ka thupi, ululu komanso chikhumbo. Zigawo zonsezi zilinso muubongo wa munthu, n'chifukwa chake akatswiri a sayansi atha zaka zambiri akulondola minyewa yozilumikiza.

Selo la minyewa la muubongo kawirikawiri limakhala ndi kaulusi kamodzi kakatali konyamula uthenga kupita kwina. Ulusi wambiri wa pakati pa zigawo ziwirizi umadzera mumtolo wotchedwa medial forebrain bundle. Mumtolowu muli piringupiringu, pakuti ulusi wina umatsikira ku midbrain, wina umakwera kuchokera komweko, pomwe wina umangodutsa ngati mlendo wapaulendo.

Kufunika kosiyanitsa ulusiwu kudaoneka pa nkhani ya njala. M'chaka cha 1951, Bal Krishan Anand ndi John Brobeck a pa yunivesite ya Yale ku America adaononga mbali ya m'mphepete ya hypothalamus, ndipo makoswe awo adaleka kudya. Malowo adatchuka monga phata la njala. Koma mu 1971, Urban Ungerstedt wa ku Sweden adaononga ulusi wonyamula dopamine wochokera ku midbrain, umene umadutsa m'dera lomwelo, ndipo makoswe akenso adasiya kudya ndi kumwa. Apa funso lidabuka: kodi chimene chidaletsa kudya ndi kufa kwa maselo a pamalopo, kapena kuduka kwa msewu wodutsapo?

Njira yakale yolondolera minyewa siikadatha kuyankha. Idatsamira pa zimene Augustus Waller adaona mu 1850, kuti ulusi ukadulidwa, mbali yolekana ndi selo imafota. M'zaka za m'ma 1950, Walle Nauta adakonza njira yodetsera ulusi wofotawo ndi mankhwala a siliva kuti uoneke pa maikulosikopu. Vuto lidali lakuti chilonda sichisankha: chimapha maselo a pamalopo pamodzi ndi ulusi wongodutsa.

Zinthu zidasintha akatswiri atayamba kudalira khalidwe la selo lamoyo, lomwe limatumiza ndi kulandira zinthu kudzera m'kaulusi kake. Mu 1971, Krister Kristensson ndi Yngve Olsson a ku Sweden adaonetsa kuti puloteni ya mumuzu wa horseradish, chomera cha m'gulu la mpiru, ikaikidwa kunsonga ya ulusi imabwerera mpaka kuselo. Motero wofufuza akaibaya mu midbrain amatha kuona maselo a mu hypothalamus amene amatumiza uthenga kumeneko.

Mu 1984, Charles Gerfen ndi Paul Sawchenko adabweretsa njira yolondola ulendo wopita. Iwo adagwiritsa ntchito PHA-L, puloteni yochokera ku nyemba wamba. Maselo a pamalo obayidwa amaitenga n'kuifikitsa kunsonga zonse za ulusi wawo, pomwe ulusi wongodutsa suitenga kwenikweni. Khosweyo amayamba wagonekedwa ndi mankhwala, mutu wake n'kumangidwa pachitsulo choyezera, ndipo malo obaya amapezeka potsata mapu a ubongo monga amene George Paxinos ndi Charles Watson adasindikiza mu 1982. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, khosweyo amaphedwa mosamva ululu ndipo ubongo umadulidwa m'tizidutswa topyapyala kuposa tsitsi.

Mapu amene adatuluka adaonetsa njira ziwiri zikuluzikulu. Maselo a chapakati pa hypothalamus amatumiza ulusi wochuluka ku periaqueductal gray, dera la mu midbrain lomwe limatsogolera kuuma thupi, kuthawa ndi kuziziritsa ululu. Mphamvu ya derali idali itaoneka kale mu 1969, pomwe David Reynolds adachita opaleshoni ya pamimba pa makoswe popanda mankhwala ogonetsa, akungolitakasa ndi magetsi ochepa. Maselo a m'mphepete mwa hypothalamus nawo amafika ku ventral tegmental area, kwawo kwa maselo a dopamine amene amachititsa nyama kufunafuna chimene chidaikomera.

Funso la njala lija lidayankhidwa mbali zonse ziwiri. Ulusi wongodutsa uli ndi gawo lake, koma maselo a pamalopo sali chabe. Mu 1998 kudapezeka orexin, mankhwala achilengedwe opangidwa ndi maselo a m'dera lomwelo, ndipo ulusi wawo umafikanso ku midbrain. Pasanapite nthawi zidadziwika kuti anthu ambiri odwala narcolepsy, matenda ogwidwa ndi tulo mwadzidzidzi masana, adataya maselo amenewa.

Ubongo wa khoswe sufanana ndi wa munthu pa zonse, ndipo mapu a ulusi amangosonyeza kumene uthenga ungadzere, osati chimene ukunena. Komabe ofufuza za ululu wosatha, kunenepa mopyola muyezo ndi chibaba cha mankhwala ozunguza bongo amayambira pa mapu amenewa posankha maselo oti awayese.