Tiyi wa mikanda ndi tiyi wa pa kantemba

Tiyi wakuda amene timagula pa kantemba muno mu Chainda ali ndi mbiri yakale kuposa komboni yathuyi. Mbewu za tiyi zinafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo mu 1891 Henry Brown anayamba kumulima ku Mulanje. Minda itakula mpaka ku Thyolo, othyola ambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pa malo a mzungu. Ife a ku Zambia tinachedwa: fakitale ya tiyi ya ku Kawambwa inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Kaunda.

Tiyi wa njira imeneyi amakonzedwa mothamanga. Makina amaphwanya masamba kukhala tizidutswa kuti akolere msanga ndi kugwirizana ndi mkaka ndi shuga. Ndiye amene tinakulira, wothira mabanzi, ndipo akasowa tinkamwa zigolo.

Ku China chomera chomwechi chinayenda njira ina. Ku Fuzhou, m'chigawo cha Fujian, amathyola nsonga zanthete, kuziumitsa zikadali zobiriwira, n'kuzikulunga ndi zala imodziimodzi kukhala timikanda. Kenako amadikira nyengo yotentha, pamene jasmine amachita maluwa. Maluwawa amathyoledwa masana asanamasule, chifukwa amamasula usiku, ndipo usiku womwewo amawasakaniza ndi tiyi kuti ayamwe fungo. M'mawa amawachotsa. Tiyi wabwino amachitidwa zimenezi kangapo, nthawi iliyonse ndi maluwa atsopano. Mu 2014 bungwe la FAO linaika ulimi wa ku Fuzhou umenewu pa mndandanda wa chuma cha makolo cha dziko lonse.

Ndinagula mapaketi awiri m'shopu ya anthu a ku China m'tauni, lina lotchipa, lina lodula, n'kuyesa ndi aphunzitsi anzanga pa buleki. Madzi safuna obwadamuka. Mukawiritsa muwasiye apole pang'ono, apo ayi tiyi amawawa. Lotchipa linanunkhira ngati sopo tisanalitsegule n'komwe, koma titathiranso madzi kachiwiri fungo lonse linali litapita. Lodula linayamba mwaulemu. Timikanda tinamasuka pang'onopang'ono mpaka masamba athunthu kuoneka m'kapu, ndipo kachitatu fungo linali likadalipo. Mnzanga wophunzitsa masamu anafunsa kuti, "Nanga shuga ali kuti, aphunzitsi?" Anathira masupuni atatu, nati tsopano wakhala tiyi.

Sindimuseka. Munthu wonyamuka mbandakucha kukakwera basi amafuna chakumwa chogwira m'mimba, ndipo tiyi wa jasmine sagwira. Chimene chimandivuta n'chakuti m'kapu ya ku Fuzhou ntchito ya zala za wokulunga umaiona ndi maso, pomwe ya mayi wa ku Thyolo kapena ku Kawambwa, wothyola masamba awiri ndi nsonga tsiku lonse dengu lili kumsana, imathera m'makina. Ana a giredi 9 nditawafunsa kumene tiyi amamera, ambiri anatchula South Africa.