Chaka chimene lamba anapindidwa m'chikwama

Slackline ndinaiona koyamba pa foni mu 2020, sukulu zitatsekedwa, ine ndili pakhomo kumangotha mabandulo. Munthu akuyenda pa lamba wa masentimita awiri ndi theka m'lifupi, womangidwa pakati pa mapiri awiri. Lambayo si wokungika ngati waya ayi. Amagwedera, amanjanja, ndipo woyendapo amachita kumunyengerera ndi thupi lonse. Chomwe sindinadziwe n'choti pamene ine ndinkaonera mavidiyowo, eni ake ambiri anali atatsekeredwa m'nyumba.

Masewerawa anayamba ndi okwera matanthwe ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Adam Grosowsky ndi Jeff Ellington ankamanga malamba awo okwerera pakati pa mitengo ku Yosemite, kungotayitsa nthawi. Mu 1985 Scott Balcom anawoloka pa Lost Arrow Spire komweko, phompho la mamita oposa 800 lili kunsi kwake.

Pa 20 Malichi 2020, Yosemite yemweyo anatsekedwa mpaka mu Juni. Ku France m'bindikiro unayamba pa 17 Malichi, ndipo patangotha sabata lamulo linati munthu azilimbitsa thupi ola limodzi basi, osapitirira kilomita imodzi kuchokera pakhomo. Ku Spain ndiye kunali koopsa: akuluakulu sanaloledwe kuchita masewera panja mpaka pa 2 Meyi. Kwathu kuno paja khoti linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 usanayambe n'komwe, ndiye zimenezi timangozimva.

Wothamanga akhoza kumazungulira nyumba. Wa slackline amafuna mitengo iwiri yolimba, ndipo m'mizinda ya ku Ulaya mitengoyo ili m'mapaki omwe anatsekedwa. Amene anali ndi bwalo kuseri kwa nyumba anamanga kalamba kakafupi, kofika m'mawondo. Kamathandiza miyendo kuti isaiwale, koma sikaphunzitsa mtima. Mantha a phompho munthu amawazolowera pokumana nawo pafupipafupi, ndipo ukakhalitsa pansi amabwereranso. Komanso lamba wa m'mwamba summanga wekha. Pamafunika anzako okoka, wina woona ngati mfundo yako wamanga bwino, wina wodzakutsitsa zikavuta. Kwa ine apa m'pamene mliriwu unaluma kwambiri, chifukwa unaletsa ndendende chinthu chimene chimateteza moyo wawo, kukhala pafupi ndi mnzako.

Zitseko zitatseguka anabwerera ndi njala. Mu Julayi 2021 anyamata anayi a ku Germany anawoloka lamba wa mamita 2,130 ku Lapporten, kumpoto kwa Sweden. Mu Meyi 2022 Nathan Paulin anayenda mamita oposa 2,200 kukafika pa Mont-Saint-Michel. Amenewa ndi otchuka, dziko linawaona. Ine ndimangoganiza za wina wa ku Madrid wopanda bwalo, masabata asanu ndi awiri m'kanyumba kosanja, lamba ali m'chikwama pansi pa bedi.