Miyala ya ku Chiadzwa ndi Ndalama Zimene Zinadutsa M'manja Mwathu

Amayi anzanga, pali funso limene limakonda kutuluka pa misonkhano ya magulu athu tikamaliza kuponya masheya: mutadzuka mawa n'kupeza ndalama zambiri zimene simunaziyembekezere, mungachite nazo chiyani? Wina amati angagule sitandi, wina lole yokatengera katundu ku Beira, wina amati ana onse angapite ku sukulu yogonera konko. Kwa anzathu a ku Blantyre, Tete ndi Chipata limeneli lingakhale funso longocheza. Kwa ife a ku Mutare silongocheza ayi, chifukwa pakati pa 2006 ndi 2008 ndalama zotere zinabweradi mumzinda mwathu, ndipo tinaona ndi maso athu njira zimene zinalowera. M'kabuku ka chikondwerero chathu kano ndafuna ndilembe mbiri imeneyi, poti atsikana amene akulowa m'magulu masiku ano anali makanda pa nthawiyo.

Tiyambe ndi mmene mzinda unalili. Mu Meyi 2005 boma linayamba ntchito yotchedwa Murambatsvina, yogwetsa zisakasa za malonda ndi tinyumba takuseri timene anthu ankachita lendi. Lipoti la United Nations, lolembedwa ndi mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ku Sakubva mabenchi ambiri anaphwasulidwa, ndipo amayi ochuluka anatsala opanda mpamba. Dola ya Zimbabwe nayo inali itayamba kusungunuka. Mu Ogasiti 2006 anachotsa maziro atatu pa ndalama. Mu Juni 2007 masitolo analamulidwa kudula mitengo pakati, ndipo patangopita masabata ochepa mashelefu anatsala mbee. Shuga, mafuta ophikira ndi sopo tinkakazipikula ku Chimoio ndi ku Manica, n'kudutsa nazo pa chipata cha Forbes zili pamutu.

Mkati mwa njala imeneyi ndi mmene munamveka mbiri ya Chiadzwa, dera la ku Marange lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Mutare. Kampani ya De Beers inali ndi chilolezo chofufuza miyala kumeneko mpaka kumayambiriro kwa 2006. Itachoka, malowo anatengedwa ndi kampani ya African Consolidated Resources, yomwe boma linaithamangitsa chaka chomwecho chisanathe. Chodabwitsa chinali chakuti dayamondi wa ku Chiadzwa sanali pansi kwambiri. Munthu wokhala ndi piki, fosholo, sefa ndi thumba ankatha kumupeza. Anthu oposa 10,000 anakhamukira kumeneko: alimi, anyamata osowa ntchito, aphunzitsi amene malipiro awo sankakwana ngakhale thiransipoti, ndi ana a sukulu omwe. Okumbawo ankatchedwa magweja. Mwala wakuda wotsika mtengo unkatchedwa ngoda, woyera wowala unkatchedwa girazi.

Mwalamulo miyalayo inkayenera kugulitsidwa ku bungwe la boma la MMCZ, koma ilo linkalipira ndi ndalama ya Zimbabwe. Ogula amseri ankalipira ndi madola a ku America ndi marandi. Ankadikira ku Hot Springs, ku Nyanyadzi ndi m'mbali mwa msewu wopita ku Masvingo, kumene anyamata ankaimika magalimoto popanga chizindikiro cha mwala ndi zala zawo. Ogula akuluakulu, ena ochokera ku Lebanon ndi ku West Africa, anakhazikika ku Vila de Manica, kutsidya kwa Machipanda. Motero msewu womwewo umene ife tinkadutsa ndi mabelo a kaunjika ndi umene unkatulutsa miyala m'dziko.

Ine pa nthawiyo ndinali mtsikana wa zaka za m'ma 20, ndikugulitsa zovala, ndipo ndikukumbukira mmene Dangamvura inasinthira. Mnyamata amene dzulo ankapempha ndalama ya kombi, lero wabwera pa takisi yahayala, mafoni awiri m'manja, osafunsanso mtengo wa chinthu. Eni nyumba anayamba kufuna lendi ya madola. Amayi ambiri sanagwire piki, koma ndalama za ku Chiadzwa zinawapeza ndithu. Ena ankapita kukaphika nsima ndi kugulitsa madzi, buledi ndi fodya kufupi ndi migodi. Ena ankagulitsa majini ndi nsapato kwa magweja pa mtengo umene sakanaulota. Ena ankalandira kwa mwana, mwamuna kapena mlongo wobwerako. Kwa mabanja ambiri aka kanali koyamba kugwira madola 100 pa kamodzi.

Ndalamazo zinayenda njira zitatu. Yoyamba ndi imene aliyense amaikumbukira: mowa, zovala, mawailesi, zibwenzi ndi magalimoto ogulidwa ndi anthu opanda laisensi, amene ena anathera m'ngalande. Gweja ankati akatha ndalama amabwerera kukakumba, poganiza kuti nthaka siingathe. Mabanja ena anapasuka, ana ena anasiya sukulu osabwereranso.

Komabe tisafulumire kuwaseka. Ndalama ija inali yovuta kusunga. Munthu akadziwika kuti wapeza mwala, magombiro, achifwamba a ku migodi, ankamutsata. Pamsewu panali zipata za apolisi zambirimbiri. Kugulitsa mwala kwa ogula amseri kunali mlandu, choncho ndalama yake sinali yoti n'kuionetsa ku banki. Kunyumba nako kunkadikira abale khumi anjala, aliyense ndi vuto lenileni. Mnyamata wa zaka 19 amene sanasungepo ndalama chibadwire, wopanda womulangiza, ankaona kuti chanzeru n'kudya lero ndalama isanalandidwe mawa. Papsa tonola, ankatero, sudziwa mtima wa moto.

Njira yachiwiri ndi yomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa inatenga anthu osamala. Awa ndi amene anasintha madola awo kukhala ndalama ya Zimbabwe n'kuika m'buku la ku banki, monga mmene makolo awo anawaphunzitsira. Boma lenilenilo linalengeza kuti pofika mu Julaye 2008 mitengo inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka. Mu Ogasiti 2008 anachotsa maziro khumi. Mu Januwale 2009 kunatuluka pepala la madola 100 thiliyoni, ndipo mu Febuluwale anachotsanso maziro 12. Mabanki anali ndi malire a ndalama zotapa pa tsiku, moti munthu ankagona pamzere n'kutuluka ndi ndalama yosakwana buledi. Pamene dziko linayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America ndi marandi kumayambiriro kwa 2009, za m'mabuku zija zinali zitasanduka mphepo. Amene anamwera ndalama zake ndi amene anazisunga ku banki anafika pamalo amodzi.

Njira yachitatu inalibe phokoso. Ndi ya anthu amene ankati ndalama ikangofika m'manja, sabata lomwelo yasanduka chinthu: njerwa, matumba a simenti, malata, makina osokera, firiji, mbuzi, belo lachiwiri la kaunjika, fizi ya chaka chonse. Mukayenda m'Dangamvura, Chikanga ndi Hobhouse lero, muli zipinda zimene zinawonjezedwa m'zaka zimenezo, ndipo eni ake akudyabe lendi. Ndikayang'ana anthu amene ndikuwadziwa a njira imeneyi, ndimaona chinthu chimodzi chofanana. Onse anali ndi chinthu chimene ankachilakalaka kale miyala isanatulukire, ndipo ankadziwa mtengo wake. Mayi amene kwa zaka zisanu ankawerenga malata otsala kuti afolere nyumba sanafunike kuganiza kawiri pamene mwana wake anamupatsa madola. Ndalamayo inapeza malo ake atakonzedwa kale.

Kwa ife zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique nkhani ya nyumba inali yaikulu koposa. Agogo athu anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Penhalonga, pa njanji, m'mafamu ndi m'minda ya mitengo, ena pa malole a Ulere. Ambiri a ife tilibe munda wa kumudzi m'dziko lino. Anansi athu Achishona zinthu zikavuta amatumiza ana kumusha. Ife mudzi wathu ndi sitandi ya m'lokeshoni. N'chifukwa chake agogo aja anayambitsa magulu othandizana pamaliro, oti aliyense azisonkha mwezi ndi mwezi, podziwa kuti mlendo akapanda kudzikonzera palibe womukonzera. Mwambo wosonkha umenewo ndi umene unatipulumutsa.

Mapeto a nthawi ya magweja anali owawa. Kumapeto kwa Okutobala 2008 asilikali analowa ku Chiadzwa pa ntchito yotchedwa Hakudzokwi, kutanthauza kuti kulibe kubwerera. Lipoti la Human Rights Watch la mu Juni 2009 linati anthu oposa 200 anaphedwa, ngakhale boma linakana. M'miyezi yomweyo kolera inali kupha anthu, ndipo m'dziko lonse inatenga miyoyo yoposa 4,000. Pali amayi pakati pathu amene ana awo anapita kukakumba ndipo mpaka lero sanabwere. Tikamakamba za ndalama za miyala tizikumbukira kuti ena analipira ndi moyo.

Atachoka magweja kunabwera makampani: Mbada Diamonds, Anjin, Marange Resources ndi ena. Kuyambira cha mu 2010 mabanja oposa 1,000 a ku Marange anasamutsidwira ku famu ya ARDA Transau kufupi ndi Odzi. Anapatsidwa nyumba ndi madola 1,000 pa banja, koma anasiya minda, msipu wa ziweto ndi manda a makolo, ndipo ndalama yotere siichedwa kutha pamene munthu alibe polima pokwanira. Mu Febuluwale 2016 nduna ya za migodi, Walter Chidhakwa, inalamula makampaniwo kuti asiye kukumba, ntchitoyo n'kupita ku kampani ya boma ya ZCDC. Mwezi wotsatira Pulezidenti Robert Mugabe ananena pa wailesi ya kanema kuti miyala ya madola pafupifupi 15 biliyoni inakumbidwa, koma boma silinalandire ngakhale 2 biliyoni. Anthu akhala akutsutsana za chiwerengero chimenechi. Chimene sitingatsutsane ndi chakuti m'zaka zonsezo m'madera ambiri a Dangamvura tinkadzuka usiku kukasaka madzi ndi zigubu, mipopi ili gwa. Dziko nalo linadya mwala wake ngati gweja.

Nanga magulu a amayi anapulumuka bwanji? Mukando, umene anzathu a ku Malawi amati chipereganyu, a ku Zambia chilimba, a ku Mozambique xitique, unatsala pang'ono kufa mu 2008, chifukwa wolandira pomaliza ankalandira mapepala opanda ntchito. Magulu amene anakhalapo ndi amene anasintha msanga. Ena anayamba kusonkha marandi ndi madola. Ena anasiyiratu ndalama n'kumasonkha shuga, sopo, mafuta, mapoto ndi mabulangete. Mayi wa m'gulu akapeza ndalama yadzidzidzi, anzake ankadziwa, ndipo ankamufunsa pamaso: ngongole ija mwabweza? Malata aja mwagula? Mafunso amenewa ankawawa, koma ndi amene gweja analibe womufunsa.

Phunziroli labwerezedwa kangapo. Mu Febuluwale 2019 madola a ku America amene anali m'mabanki a ku Zimbabwe anasandutsidwa madola a RTGS, ndipo mphamvu yake inagwa. Mu Epulo 2024 kunabwera ZiG. Anzathu a ku Malawi anaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Ife amene timagula katundu dziko lina n'kugulitsa dziko lina timadziwa kuti ndalama ya pepala ili ngati tomato: ili ndi masiku ake.

Chiadzwa wina mwina sadzabweranso, koma ndalama zadzidzidzi sizinaleke kubwera. Zimabwera ngati inshuwalansi ya malemu, penshoni ya bambo, malowolo a mwana, ndalama yotumizidwa ndi mlongo wa ku Johannesburg, golide wa mnyamata wa ku Penhalonga, kapena belo limene latuluka zovala zabwino zokhazokha. Ngakhale tsiku logawana masheya kumapeto kwa chaka limafanana nazo, poti mayi amanyamula ndalama imene sanaigwirepo chaka chonse, Khirisimasi ili pakhomo.

Choncho pempho langa kwa magulu athu onse, kuyambira ku Mutare mpaka ku Mwanza, ndi ili. M'kaundula wa gulu, pafupi ndi dzina la membala aliyense, mlembi alembe chinthu chimodzi chimene mayiyo akufuna, ndi mtengo wake wa lero, m'ndalama imene chinthucho chimagulidwira. Mtengowo uzikonzedwa miyezi itatu iliyonse. Membala akalandira ndalama yaikulu asanaiyembekezere, auze amayi awiri a m'gulu amene amawakhulupirira, ndipo papite masiku asanu ndi awiri asanabwereketse munthu kapena kugula chimene sichinalembedwe. Ayambe wabweza ngongole ya chiwongoladzanja. Apatule gawo la abale, alitchule kuchuluka kwake, likatha latha. Apatulenso kagawo kosangalalira, chifukwa munthu amene wavutika zaka zambiri ayenera kudya nkhuku ndi kuvala nsalu yatsopano. Zotsalazo zipite pa chinthu cholembedwa chija mwezi usanathe.

Chakudza sichiimba ng'oma, amayi. Pa msonkhano wotsatira, aliyense abwere ndi chinthu chake ndi mtengo wake, mlembi abwere ndi cholembera.