Luis Cernuda, mwana wa ku Sevilla amene manda ake ali ku Mexico

Ife obwera timaidziwa Spain ngati dziko lofikirako alendo, koma zaka zosakwana 100 zapitazo dziko lomweli linkapirikitsa ana ake enieni. Mmodzi mwa iwo ndi mlakatuli Luis Cernuda, amene adabadwira muno mu Sevilla pa 21 Seputembala 1902, m'kamsewu kopanikiza ka Acetres.

Bambo ake adali msilikali. Cernuda adaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya Sevilla, koma mphunzitsi wake Pedro Salinas ndiye adamkokera ku ndakatulo. Buku lake loyamba, Perfil del aire, litatuluka mu 1927, ounika mabuku adati mnyamatayu akungotsanzira mlakatuli Jorge Guillén. Mawu amenewo adamukhala kukhosi moyo wake wonse.

Mfumu Alfonso XIII itachoka mu 1931, boma latsopano lidayambitsa Misiones Pedagógicas, ntchito yopititsa mabuku, kanema ndi zojambula kumidzi. Cernuda adali m'gulu lonyamula zithunzi zokopera za ku Museo del Prado, nthawi zina pamsana pa nyulu, n'kukazipachika m'mudzi kuti alimi omwe sadapondepo Madrid aone zojambula za Goya ndi Velázquez. Mbali imeneyi ya moyo wake imandikhudza kwambiri, chifukwa munthu amene anzake ankamuti ngwodzipatula ndi yemweyo ankaima pamaso pa anthu a kumudzi kuwafotokozera chithunzi chimodzichimodzi.

Chaka cha 1936 chidabwera ndi zonse. Mu Epulo adatulutsa La realidad y el deseo, buku losonkhanitsa ndakatulo zake. Mu Julaye asilikali adagalukira boma, nkhondo yapachiweniweni n'kubuka. Mu Ogasiti mnzake Federico García Lorca adaomberedwa kufupi ndi Granada. Cernuda adali kumbali ya boma, komanso sankabisa m'ndakatulo zake kuti amakonda amuna anzake. Mu Spain wa Franco, mtsogoleri wa ogalukirawo, analibe pokhala. Mu Febuluwale 1938 adapita ku England kukakamba nkhani zamaphunziro, akuyesa kuti ndi ulendo wamasiku ochepa. Sadabwererenso. Patangotha chaka, boma likugonja pankhondoyo, anthu pafupifupi 500,000 adaoloka mapiri a Pyrenees kuthawira ku France, ndipo ena adakalandiridwa ku Mexico ndi pulezidenti Lázaro Cárdenas. N'chifukwa chake lero mumakumana ndi anthu a ku Mexico okhala ndi pasipoti ya Spain: lamulo la 2007 lidalola adzukulu a othawawo kutenga unzika.

Ku Glasgow, kumene Cernuda ankaphunzitsa, kudamuipira. M'chisanu ndi mdima wa kumeneko ndi momwe adalemba Ocnos, buku lokumbukira ubwana wake m'mabwalo amkati mwa nyumba za Sevilla, okhala ndi kasupe pakati. Atachoka kumeneko adaphunzitsa ku Cambridge, London ndi Mount Holyoke ku America, mpaka mu 1952 adakakhazikika ku Mexico, komwe adayambanso kumva Chisipanishi mumsewu.

Alakatuli a ku England adamuphunzitsa kulemba mosakometsera, ndipo muyeso womwewo adayesera nawo anthu akwawo. M'buku lake lounika ndakatulo, Estudios sobre poesía española contemporánea, la mu 1957, sadanyengerere mlakatuli Juan Ramón Jiménez, amene adali atangolandira mphoto ya Nobel, ngakhalenso Salinas. Kwa Salinas ndikuona kuti adanyanya, poti ndi amene adamutsekulira khomo. Komabe pa mfundo yoti ndakatulo iziyandikira chilankhulo cha anthu m'malo mongonyezimira adalondola, ndipo achinyamata a ku Spain adamumvera. Magazini ya Cántico ku Córdoba idamulemekeza mu 1955, ndipo alakatuli monga Jaime Gil de Biedma adamutenga ngati mphunzitsi wawo.

Cernuda adamwalira ndi nthenda ya mtima pa 5 Novembala 1963 ku Coyoacán, m'nyumba ya mlakatuli mnzake Concha Méndez, ndipo adaikidwa ku Panteón Jardín mumzinda wa Mexico. Franco adalamulirabe zaka zina 12.