Nsomba za ku Chisasibi

Ndikuphunzitsa za damu la Kariba, mmene Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwira m'zaka za m'ma 1950, mtsikana wina m'kalasi mwanga kuno ku Lusaka anafunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi akatswiri anafunsako eni mtsinje zimene ankadziwa?" Funsoli linandikumbutsa mbiri ya anthu a mtundu wa Cree, kumpoto kwa Quebec m'dziko la Canada.

Mu 1971 nduna yaikulu ya Quebec, Robert Bourassa, analengeza zomanga madamu a magetsi m'dera la James Bay osafunsa a Cree ndi a Inuit. Iwo anapita kukhoti. Mu Novembala 1973 woweruza Albert Malouf analamula kuti nchito iime, koma patangopita sabata khoti lalikulu linacotsa lamulolo. Mlanduwo unakakamizabe boma kukambirana, ndipo pa 11 Novembala 1975 anasaina pangano lozindikira ufulu wao wosaka ndi kusodza.

Madamu a pa mtsinje wa La Grande atadzaza, vuto linatulukira m'madzi. Mitengo ndi dothi zomizidwa zinayamba kuwola, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso tinasandutsa mercury wa m'nthaka kukhala poizoni wolowa m'nsomba, makamaka zodya zinzake monga pike. Anthu a ku Chisasibi, amene nsomba zinali ndiwo zao za tsiku ndi tsiku, anapezeka ndi poizoniyo wambiri m'thupi. Mu 1986 panasainidwa pangano lapadera loyang'anira vutoli.

Apa sayansi inathandiza, cifukwa diso la msodzi silingaone mercury. Nayenso msodzi anali ndi cake. Katswiri Fikret Berkes, yemwe anafufuza usodzi wa ku Chisasibi, anapeza kuti a Cree amasinthasintha malo osodza kuti nsomba zicuruke, ndipo amachera maukonde a maso osiyanasiyana. Pangano la 2002 lochedwa Paix des Braves linalamula kuti odula mitengo azikambirana ndi woyang'anira dera losakiramo la banja lililonse.

Mtsikana uja ndinamuyankha kuti ku Kariba eni mtsinje sanamvedwe, ndipo ku James Bay anamvedwa mocedwa, madzi atamiza kale nkhalango. Kenako ndinapatsa kalasi nchito yokacita kunyumba: aliyense afunse agogo ake za mtsinje wa kwao, nsomba zake ndi nyengo imene umasefukira, alembe, tidzaziike pambali pa mapu a m'buku.